Seydou Keïta, Mmisiri wa Zithunzi wa ku Bamako

A Seydou Keïta anabadwa cha m'ma 1921 mumzinda wa Bamako, m'dziko la Mali, limene pa nthawiyo linali m'manja mwa Afalansa. Bambo awo anali mmisiri wa matabwa, ndipo iwonso anaphunzira ntchito yomweyo ali mwana. M'chaka cha 1935 mbale wawo wina anabwera kuchokera ku Senegal ndi kamera yaing'ono ya Kodak Brownie, nawapatsa. Kuyambira pamenepo mtima wawo unachoka pa matabwa.

M'chaka cha 1948 anatsegula malo ojambulirapo pabwalo la nyumba ya makolo awo ku Bamako-Coura. Chuma choyambira chinali chochepa, koma nzeru sizinachepe. Posowa nsalu yotchinga kumbuyo kwa munthu wojambulidwa, anapachika nsalu yoyala pabedi pawo. Ankakonda kuwala kwa dzuwa koposa nyali za magetsi, ndipo popeza filimu inali yokwera mtengo, munthu aliyense ankamjambula kamodzi kokha. Tsono kamodziko kanafunika kulingalira kwambiri: munthu akhale chotani, manja aike pati, nkhope iyang'ane kuti.

A Keïta anazindikira kuti wodza kudzajambulitsa afuna kuoneka monga momwe mtima wake ukhumbira. Chifukwa chake anasunga masuti, mataye, zipewa, mawotchi, zolembera, wailesi ndi njinga yamoto, kuti wosowa abwereke. Ena ankaima pambali pa galimoto lawo la Peugeot 203. Amayi ankadza atavala nsalu zawo zamaluwa, ndipo mmisiriyo ankaziyalitsa bwino kuti zigwirizane ndi nsalu ya kumbuyo. Mbiri yawo inawanda, kotero kuti ngakhale apaulendo a pa sitima ya pamtunda yopita ku Dakar ankapatukira pakhomo pawo.

Dziko la Mali litalandira ufulu mu 1960, Boma linawalemba ntchito yojambula mu 1962, ndipo posakhalitsa malo awo aja anatsekedwa. Anapuma pa ntchitoyo mu 1977.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sanachinyozere. Manegetivu onse, zikwizikwi, anawasunga mosamala. M'chaka cha 1991 zithunzi zawo zina zinaonetsedwa ku New York popanda dzina, ngati ntchito ya munthu wosadziwika. A André Magnin a ku France anapita ku Bamako kukafunafuna mwini wake, ndipo wojambula mnzawo, a Malick Sidibé, anazizindikira nawalozera kwa a Keïta. Akadakhala kuti manegetivu aja anatayika, dzina lawo likadakwiririka pamodzi nawo. M'malo mwake, mu 1994 zithunzizo zinaonetsedwa ku Fondation Cartier mumzinda wa Paris, dzina la mwini wake lili poyera.

Anamwalira ku Paris mu November 2001, ndipo mu 2016 nyumba yaikulu ya Grand Palais inaonetsa ntchito yawo kwa anthu ambirimbiri.

Achinyamata ofuna kuyamba ntchito imeneyi asadikire zipangizo zamtengo wapatali. Ayambe ndi zimene ali nazo, alemekeze munthu aliyense woima pamaso pa kamera, ndipo asunge bwino ntchito ya manja awo, pakuti tsiku lina idzakhala mboni yawo ndi ya dziko lawo.