MAI SWANZIE AGNEW: MPHUNZITSI WA ZA MALO NDI CUMA CA ANTHU

Mwa aphunzitsi onse amene anayamba nchito pa Yunivesite ya Malawi iri yatsopano, alipo mmodzi amene ife a kuno ku Chikweo tiyenera kuwadziwa bwino, cifukwa anafufuza ndi kulemba za nyanja ya Chilwa ndi asodzi ace. Dzina lao ndi Mai Swanzie Agnew, Pulofesa woyamba wa Jogalafe pa Yunivesite yathu. Ambiri a ife timayesa kuti Jogalafe ndi phunziro loloweza maina a mitsinje, mapiri ndi mizinda ya kutali kuti tikakhoze mayeso basi. Moyo wa mai amenewa utionetsa kuti mutu weni-weni wa phunziroli ndi anthu: kumene apeza cakudya, kumene akagulitsa zokolola zao, ndi cimene acita pamene mvula, nthaka kapena madzi zawatembenukira.

Mai Agnew anabadwa m'caka ca 1916, ndipo dzina la kwao linali Swanzie Erskine. Bambo wao, a Esme Erskine, anali msilikali amene anagwira nchito ya Boma la Britain kum'mawa kwa Africa, ndipo kwa zaka zingapo anali kazembe wa Britain pa mzinda wa Gore, kumadzulo kwa Ethiopia. Motero Africa sinali yacilendo pa banja lao. Atakula anakaphunzira Jogalafe pa Yunivesite ya Edinburgh ku Scotland. Masiku amenewo mkulu wa phunziroli kumeneko anali Pulofesa Alan Ogilvie, munthu amene analimbikitsa akatswiri kuti afufuze za kakhalidwe ka anthu a pakati pa Africa, nasonkhanitsa yekha nkhani zambiri za dziko la Northern Rhodesia, limene lero liri Zambia. M'caka ca 1937 Swanzie anakwatiwa ndi Sir Fulque Agnew, mkulu wa banja lakale la ku Lochnaw m'dziko la Scotland, ndipo cifukwa ca ulemu wa amuna ao, anthu ankawachula kuti Lady Agnew.

Nchito imene inayamba kuwadziwitsa kwa akatswiri anzao inali ya dera la Bas Languedoc, kumwera kwa dziko la France, kufupi ndi mzinda wa Montpellier. M'caka ca 1946 nkhani yao ya ulimi wa mpesa m'deralo inatuluka m'magazini ochuka a Geographical Review a ku New York. Mbiri ya dera limenelo njoyenera kuimva ngakhale kwa ife amene sitilima mpesa. Njanji itafika kumeneko ca pakati pa zaka za m'ma 1800, vinyo anayamba kuyenda msanga kunka ku Paris ndi ku mizinda yina ya kumpoto. Alimi ataona ndalama anasiya tirigu ndi mbeu zina, nadzala mpesa pali ponse. Koma m'zaka za m'ma 1870 kacirombo kodya mizu ya mpesa kanaononga minda yambiri. Atadzalanso, vinyo anacuruka kotero kuti mtengo wace unagwa, kufikira kuti m'caka ca 1907 makamu a alimi anadzaza miseu ya m'mizinda kudandaula za umphawi wao. Apa tiona kuti dera lodalira cinthu cimodzi limalemera msanga, koma limasaukanso msanga. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti tidzakomana nayonso pa nyanja ya Chilwa.

M'zaka za m'ma 1950 banja la a Agnew linali ku South Africa, pa Koleji ya Fort Hare, pafupi ndi tauni ya Alice. Sir Fulque anali mlembi wamkulu wa Kolejiyo, ndipo Mai Agnew anali mkulu wa phunziro la Jogalafe. Koleji imeneyi inatsegulidwa m'caka ca 1916, caka comwe iwo anabadwa, ndipo inali nyali ya anthu akuda a maiko ambiri. Nelson Mandela, Oliver Tambo ndi Seretse Khama wa ku Botswana anaphunzira pamenepo. A kwathu kuno, Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere, anatenganso madigiri ao pomwepo. Ophunzira a mitundu yosiyana-siyana ankakhala m'kalasi imodzi, kudya pamodzi ndi kutsutsana pa za tsogolo la Africa.

Zimenezi sizinakondweretse Boma la tsankho limene linkalamula South Africa. M'caka ca 1959 Bomalo linaika malamulo awiri. Loyamba linaletsa ophunzira akuda kulowa m'mayunivesite a Azungu popanda cilolezo ca nduna, ndi kukonza kuti mtundu uli wonse ukhale ndi koleji yace-yace. Laciwiri linalanda Fort Hare ndi kuipereka m'manja mwa nduna yoyang'anira maphunziro a anthu akuda, kuti ikhale ya Axhosa okha. Aphunzitsi ambiri ndi ophunzira anakana kubvomereza zimenezo. Caka cisanathe nduna ija, W. A. Maree, inacotsa nchito ena mwa akulu akulu a Kolejiyo, ndipo cifukwa cimene inapereka cinali cakuti anthuwo ankapasula dongosolo la Boma la tsankho. Mai Agnew ndi amuna ao anali m'gulu la ocotsedwawo. Pulofesa Z. K. Matthews, mphunzitsi wakuda wolemekezeka koposa pa Kolejiyo, anasiya yekha nchito atatsala pang'ono kupuma, nataya ndalama zace za ukalamba, posafuna kugwira nchito pansi pa malamulo otere. Boma linatenga Fort Hare mu January 1960, ndipo a Agnew anabwerera ku Britain.

Tiyeni tiganizire pang'ono za cinthu cimeneci. Mai Agnew anali Mzungu wa banja laulemu, wa zaka 43, wokhazikika pa nchito yabwino. Akadakhala cete, palibe akadawakhudza. Koma munthu amene nchito yace ndi kuphunzitsa kuti anthu a dera limodzi amadalirana pa madzi, pa minda ndi pa misika, sakanatha kugwirizana ndi lamulo logawa nzeru monga mwa khungu ndi mtundu. Anataya nchito, koma sanataye cimene ankaphunzitsa.

Zaka zowerengeka zitapita, khomo lina linatseguka kuno kwathu. Malawi analandira ufulu wodzilamula pa 6 July 1964, ndipo caka comweco lamulo lokhazikitsa Yunivesite ya Malawi linabvomerezedwa. Maphunziro anayamba mu September 1965 ku Chichiri mu Blantyre, ndi ophunzira osakwana 100, motsogozedwa ndi Dr Ian Michael. Mai Agnew anasankhidwa kukhala Pulofesa wa Jogalafe pa Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba m'caka ca 1973. Bvuto lalikulu limene anapeza linali lakuti mabuku onena za dziko lathu anali owerengeka. Mwana wa sukulu ankatha kudziwa zambiri za mitsinje ya ku Ulaya koposa za Shire kapena Domasi.

Pofuna kucepetsa bvuto limeneli, Mai Agnew ndi mnzao Michael Stubbs anasonkhanitsa akatswiri osiyana-siyana nakonza buku la mapu lochedwa Malawi in Maps, limene linasindikizidwa ku London m'caka ca 1972. Maiko a Zambia ndi Tanzania anali atalandira mabuku a mtundu womwewo caka cimodzi m'mbuyo mwace. M'bukumo mapu ali onse ali ndi mau ofotokoza tanthauzo lace: mapiri ndi zigwa, mvula, nthaka, mbeu, miseu, ndiponso kumene anthu akhala mothinana kapena motayana, potsata kalembera wa 1966 amene anapeza anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni. Nthawi imeneyo boma lathu linkachedwa Kasupe, ndipo Balaka anali mbali ya boma lomweli kufikira m'caka ca 1998. Ubwino wa buku lotere ngwakuti munthu akhoza kuika mapu a mvula pambali pa mapu a cimanga, kapena mapu a miseu pambali pa mapu a misika, nadzionera yekha cifukwa cace malo ena atukuka pamene ena atsalira. M'caka comweco ca 1972 Mai Agnew analembanso mutu wonena za malo ndi mbiri m'buku la mbiri yakale ya Malawi limene anakonza Pulofesa Bridglal Pachai.

Tsono tifike pa nchito imene itikhudza ife kweni-kweni. M'caka ca 1966 Yunivesite inayamba kufufuza za nyanja ya Chilwa, motsogozedwa ndi Pulofesa Margaret Kalk, katswiri wa zamoyo amene anacokera ku Johannesburg. Akatswiri a madzi, a nsomba, a zomera ndi a za anthu anagwira nchito pamodzi kwa zaka khumi. Nyanja imeneyi njosiyana ndi zinzace. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi yina imathira m'menemo, koma palibe mtsinje wotulukamo. Kale-kale Chilwa ndi Chiuta zinali zolumikizana, koma zaka zikwi zingapo zapitazo mtunda wa mcenga unadula pakati. Pa mtunda womwewo ndi pamene padutsa njanji ya ku Nayuchi imene inatsegulidwa m'caka ca 1970. Madzi a Chiuta amatuluka kunka ku nyanja ya Amaramba ndi mtsinje wa Lugenda ku Mozambique, ndiye cifukwa cace ngozizira bwino. A Chilwa amacoka pouma ndi dzuwa pokha, nasiya mcere wace m'mbuyo. Popeza nyanjayo njosazama, mvula ikacepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, madzi amathawa.

Zimenezi zinacitika akatswiri aja ali pa nchito. M'caka ca 1968 Chilwa anauma, ndipo pamene pankayenda mabwato panasanduka matope ong'ambika. Nsomba zambiri zinafa. Zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo a njedza, ndipo madzi atabwera m'caka ca 1969 zinayamba kuswana ndi kubwerera pang'ono pang'ono. Anzao ankayesa mcere wa m'madzi ndi kuwerenga matemba, makumba ndi milamba. Mai Agnew anafunsa funso la munthu wa Jogalafe: nanga anthu odya za m'nyanjamo anapita kuti? Iwo pamodzi ndi Chinyamata Chipeta, katswiri wa za cuma wa kwathu konkuno, analemba mutu wonena za usodzi ndi malonda a nsomba m'buku lalikulu la nyanja ya Chilwa limene linatuluka m'caka ca 1979.

Nchito yofufuzayo inaonetsa kuti nyanja itauma asodzi ena anasamukira ku Chiuta, ku Malombe ndi ku nyanja ya Malawi, pamene ena anagwira khasu kufikira madzi atabwera. Inaonetsanso kuti nyanja siidyetsa msodzi yekha ai. Pambuyo pa msodzi pali wosema bwato, wowamba nsomba, wogulitsa nkhuni zowambira, wamalonda wopalasa njinga ndi dengu la matemba kunka ku Zomba kapena ku minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo, ndiponso mai wa m'tauni amene ndiwo yace yotsika mtengo ndi matemba omwewo. M'zaka zabwino Chilwa wakhala akupereka nsomba imodzi mwa zisanu ziri zonse zogwidwa m'Malawi, ndipo nthawi zina koposa apo. Madzi akaphwa pa Kachulu kapena pa Mposa, njala ya ndiwo imamveka kutali ndi gombe. Imeneyi ndiyo mfundo ija ya alimi a mpesa a ku France: amene apulumuka ndi amene ali ndi njira ziwiri kapena zitatu zopezera cakudya, ndiponso malo ena othawirako. Ife a m'mbali mwa Chiuta tiyenera kudziwa kuti nyanja yathu ndi imodzi mwa malo othawirako amenewo, ndi kuti Chilwa akadwala, katundu amagwera pa Chiuta.

Sir Fulque anamwalira m'caka ca 1975, ndipo pambuyo pace Mai Agnew anabwerera ku Britain. Iwo anamwalira m'caka ca 2000 ali ndi zaka 84. Anakhala ndi moyo kufikira kumva kuti Chilwa anaumanso m'caka ca 1995, ndipo m'caka ca 1996 nyanjayo ndi madambo ace zinalembedwa m'gulu la madambo ofunika a dziko lonse lapansi pansi pa pangano la Ramsar. M'caka ca 2018 mbali yaikuru ya nyanjayo inaumanso. Nthawi iri yonse zotere zikacitika, akatswiri amabwerera ku zolemba za gulu lija kuti afanizire za lero ndi za 1968.

Akulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mai Agnew anali mlendo, ndipo kalumo kao kanali kufunsa mosamala ndi kulemba coonadi za anthu wamba, amene ena ankawayesa osayenera kulowa m'buku. Koma kalumo ka mlendo sikameta mudzi mpaka kale-kale. Anzanga ophunzira, mafunso amene iwo anafunsa akali pakhomo pathu. Cifukwa ninji mtengo wa matemba usiyana pa gombe, pa Ntaja ndi pa Liwonde? Mpunga wa m'madambo athu umathera kuti, ndipo ndani apindula nao koposa? Agogo athu amene anaona 1968 ndi 1995 anadyetsa bwanji ana ao? Mafunso otere safuna ndalama zambiri. Afuna kope, pensulo, miyendo ndi ulemu pofunsa akulu. Wophunzira wa pa Chikweo amene adzayamba kuwayankha adzakhala atayamba kale nchito ya Pulofesa.