Madhubala: Namwali Amene Adaseketsa Dziko Mtima Uli Wobooka

Mwa akazi onse amene adasewerapo m'mafilimu a ku India, ndi owerengeka amene anthu amawatchulabe mwachikondi ngati Madhubala. Papita zaka zoposa 50 chimwalirireni, koma mafilimu ake akuonetsedwabe, ndipo ambiri amamkumbukira chifukwa cha kukongola ndi kumwetulira kwake. Chikhalirecho mbiri yake ndi ya mwana amene adayamba kusamala banja lonse ali ndi zaka 9, ndiponso ya mkazi amene adaseketsa ndi kuliza anthu miyandamiyanda pamene iye mwini adali kuzunzika ndi nthenda ya mtima imene adabadwa nayo.

Madhubala adabadwira mumzinda wa Delhi pa 14 Febuluwale, 1933, ndipo dzina limene makolo ake adampatsa lidali Mumtaz Jehan Begum Dehlavi. Adali mwana wachisanu m'banja la ana 11, koma ena mwa anawo adamwalira ali makanda. Bambo ake, a Ataullah Khan, adali Msilamu wochokera ku dera la Peshawar, ndipo ankagwira ntchito pa kampani ya fodya. Ntchito itawathera, umphawi udalowa m'nyumba, motero adatenga banja lawo ndi kupita nalo ku Bombay, mzinda umene lero ukutchedwa Mumbai, kumene kudali chimake cha mafilimu a m'chinenero cha Chihindi.

Mumtaz sadapondeko kusukulu. Chimene adali nacho ndi luso la kuimba, kuvina ndi kutsanzira anthu, ndipo bambo ake adaona kuti luso limenelo likhoza kudzetsa chakudya pakhomo. Ankayenda naye khomo ndi khomo m'makampani ojambula mafilimu kufunafuna ntchito. M'chaka cha 1942 kampani ya Bombay Talkies idampatsa mbali ya kamtsikana m'filimu yotchedwa Basant, imene anthu adaikonda kwambiri. Kuyambira pamenepo mwanayo adakhala mzati wa banja lonse.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 14 Epulo, 1944, sitima ya pamadzi yotchedwa Fort Stikine, imene idanyamula zida zophulika, idagwira moto padooko la Bombay, niphulika ndi kupha anthu mazanamazana. Kanyumba kamene banja la a Khan linkakhalamo kadaonongeka kotheratu. Eni ake adapulumuka chifukwa tsikulo adali atapita kukaonera kanema. Atasowa pogona, adayamba kudalira kwathunthu ndalama zimene mtsikanayo ankalandira ku kampani ya Ranjit Movietone, kumene adasewera mbali za ana m'mafilimu angapo.

M'chaka cha 1947, chaka chimene India adalandira ufulu wodzilamulira, mkulu wina wokonza mafilimu dzina lake Kidar Sharma adampatsa mbali yaikulu m'filimu ya Neel Kamal. Mtsikanayo adali ndi zaka 14 zokha, ndipo mnzake wosewera naye adali mnyamata wotchedwa Raj Kapoor, amenenso pambuyo pake adadzatchuka kwambiri. Ndi pa nyengo imeneyi pamene adayamba kudziwika ndi dzina la Madhubala, limene tanthauzo lake ndi namwali wa uchi.

Filimu imene idamkweza pamwamba ndi Mahal ya m'chaka cha 1949, yokonzedwa ndi Kamal Amrohi. Nkhani yake ndi ya mwamuna amene adakalowa m'chinyumba chakale, nayamba kuona mkazi wokongola akuyendayenda usiku ngati mzukwa, kufikira mutu wake udasokonezeka ndi chikondi. Madhubala adasewera mkaziyo ali ndi zaka 16. Mwambo wa mafilimu a ku India ndi wakuti nyimbo amaimba ndi munthu wina wosaoneka, ndipo wosewera amangotsatira ndi milomo. Amene adamuimbira Madhubala m'filimuyi adali Lata Mangeshkar, ndipo atsikana awiriwa adatchukira pamodzi kuchokera tsiku limenelo.

Ndalama zitayamba kubwera, iye sadaiwale kumene adachokera. M'chaka cha 1950 adapereka marupi 50,000 kuti athandizire anthu othawa kwawo ku East Bengal. Adafunanso mphunzitsi womphunzitsa Chingerezi. Mbiri yake idaoloka nyanja, kotero kuti mu 1952 magazini ya ku America yotchedwa Theatre Arts idalemba nkhani yomtchula kuti ndiye wosewera wotchuka koposa onse pa dziko lapansi. Ngakhale zidali choncho, moyo wake udali wa pantchito ndi pakhomo basi. Bambo ake ndiwo ankasunga ndalama ndi kuvomera kapena kukana ntchito, ndipo sankalola kuti azipita kumaphwando kapena kuti atolankhani azifika pamalo ojambulira.

Mu 1954, akujambula filimu ya Bahut Din Huwe ku Madras, kumene lero ndi ku Chennai, Madhubala adasanza magazi. Vuto lake lidali lakuti khoma limene limagawa zipinda ziwiri zam'munsi za mtima lidali ndi chiboo chibadwire. Chiboo chotere chimachititsa kuti magazi ochuluka azipita kumapapo, ndipo zaka zikamapita mitsempha ya m'mapapomo imaonongeka, munthu namapuma movutika. Masiku ano madokotala amatseka chiboocho mwana akadali wamng'ono. Koma pa nthawi imeneyo opaleshoni yotere idali itangoyamba kumene kuyesedwa ku America, ndipo Madhubala adali kale ndi zaka 21. Banja lidabisa matendawo, pakuti eni mafilimu sakadalemba ntchito munthu wodwala, ndipo kunyumba kudali anthu ambiri oyembekezera chakudya. Atangopezako bwino adabwerera kuntchito.

Chodabwitsa ndi chakuti mafilimu ake oseketsa koposa adabwera matendawa atadziwika kale. Mu 1955 adasewera ndi Guru Dutt mu Mr. & Mrs. '55. Iye adali Anita, mtsikana amene bambo ake adamsiyira chuma koma atalamula kuti akwatiwe msanga akangokwanitsa zaka 21. Azakhali ake, amene ankadana ndi amuna, adalemba ganyu mnyamata wosauka wojambula zithunzi zoseketsa kuti amkwatire mwachiphamaso ndi kumsudzula pambuyo pake. Chiwembucho chidalephereka chifukwa awiriwo adakondana zenizeni. Anthu amene adazolowera kumuona akulira adazizwa kuona momwe ankasewerera ndi maso, kunyinyirika ndi kukwiya ngati mwana wolekereredwa.

Mu 1958 padatuluka Chalti Ka Naam Gaadi, filimu imene mabanja a ku India amaonerabe pamodzi. Ndi nkhani ya abale atatu okonza magalimoto, amene mkulu wawo adaletsa ang'ono ake kuyandikira mkazi aliyense. Abalewo adali a bere limodzi ngakhale kunja kwa filimu, ndiwo Ashok Kumar, Anoop Kumar ndi Kishore Kumar. Usiku wina mvula ikugwa, mtsikana wotchedwa Renu adafika pagalaja atanyoweratu, galimoto lake litafa. Wamng'ono pa abalewo adalikonza, koma mtsikanayo adachoka osalipira marupi 5 ndi maana 12, ndipo ngongole yaing'onoyo ndiyo idakhala chiyambi cha chikondi chawo. Madhubala, amene adasewera Renu, ankaseka ndi thupi lonse, ndipo woonera sakadaganiza kuti mtsikana wonyowa ndi mvulayo adali wodwala.

Pa zaka zomwezo chikondi chake chenicheni chidali kutha. Chiyambire 1951, pamene adasewera limodzi mu Tarana, Madhubala adali pa ubwenzi ndi Dilip Kumar, mmodzi mwa osewera olemekezeka koposa a nthawi imeneyo, ndipo anthu ankayembekezera ukwati. Koma mu 1956 padabuka mlandu. B. R. Chopra adawalemba awiriwo kuti asewere mu Naya Daur, ndipo adafuna kuti mbali ina akajambulire kutali, kufupi ndi Bhopal. A Ataullah Khan adakana kuti mwana wawo apite. Chopra adamchotsa, naikapo Vyjayanthimala, ndipo nkhaniyo idakafika kukhoti. Kumeneko Dilip Kumar adaperekera umboni mbali ya Chopra. Madhubala adayenera kusankha pakati pa bambo ake ndi mwamuna amene adamkonda, ndipo adakhala mbali ya bambo ake. Ubwenziwo udathera pomwepo.

Chowawa chidali chakuti awiriwo adali asadamalize ntchito ina yaikulu, ndiyo Mughal-e-Azam, imene K. Asif adakhala akuikonza kwa zaka zoposa 10. Nkhani yake ndi ya Salim, mwana wa Mfumu Akbar, amene adakonda Anarkali, mdzakazi wovina kubwalo la mfumu. Mfumu idakana kuti mdzakazi adzakhale mfumukazi, ndipo mkanganowo udafika poti bambo ndi mwana adamenyana nkhondo. Prithviraj Kapoor adali Akbar, Dilip Kumar adali Salim, ndipo Madhubala adali Anarkali. Malo amene anthu amawakumbukira kwambiri ndi pamene Salim akusisita nkhope ya Anarkali ndi nthenga, popanda mmodzi wolankhula. Dilip Kumar adadzaulula m'buku la mbiri yake kuti pojambula malo amenewo, iye ndi Madhubala sankapatsana ngakhale moni.

Ntchitoyo idamdya thupi. Pa malo amene Anarkali ali m'ndende, Asif adafuna maunyolo achitsulo enieni kuti kulemera kwake kuoneke, ndipo Madhubala adawavala mpaka khungu lake lidasupuka. Kangapo konse adakomoka pantchito. Koma adapirira mpaka pamapeto, pamene Anarkali akuweruzidwa kuti amangiridwe m'khoma ali moyo, ndipo mfumu ikumthawitsa mobisa pa njira ya pansi pa nthaka, itamlamula kuti Salim asadzadziwe kuti ali moyo. Filimuyo idatuluka pa 5 Ogasiti, 1960, ndipo idapeza ndalama zochuluka kuposa filimu ina iliyonse ya ku India kufikira nthawiyo. Padapita zaka 15 isadapambanidwe. Madhubala adatchulidwa pa mndandanda wa opikisana pa mphotho ya Filmfare, koma mphothoyo idapita kwa wina.

Chaka chomwecho cha 1960 adakwatiwa ndi Kishore Kumar, mnyamata uja wa pagalaja, ndipo adapita ku London kukaonana ndi madokotala a mtima. Yankho lawo lidali lowawa. Adati opaleshoni siikadathandizanso, ndipo adamuuza kuti kwamtsalira zaka ziwiri zokha. Atabwerera ku Bombay, nthawi yambiri adakhala kwa makolo ake ku Bandra, kumene azibale ake ankamsamala. Mafilimu amene adali atayamba kale adapitirira kutuluka, monga Jhumroo mu 1961 ndi Half Ticket mu 1962, onse awiri osangalatsa ndiponso osewera ndi mwamuna wake. Anthu ankaseka m'nyumba za kanema, mwini wake ali chigonere.

Madokotala adati zaka ziwiri, koma iye adakhala zaka pafupifupi 9. Thupi lake linkapanga magazi ochuluka kupitirira muyezo, kotero kuti dokotala ankabwera kudzachotsako ena, ndipo ankapuma mothandizidwa ndi mpweya wa m'botolo. Adaonda kwambiri, nasiya kulandira alendo ambiri. Komabe mtima wofuna ntchito sudamchoke. Mu 1966 adayesa kukamaliza filimu ya Chalaak, imene adali kusewera ndi Raj Kapoor, koma adakomoka atangoyamba, ndipo filimuyo idakhala yosatha. Adamwalira pa 23 Febuluwale, 1969, patangopita masiku 9 atakwanitsa zaka 36, ndipo adaikidwa m'manda a Asilamu mumzinda wa Bombay.

Pa zaka pafupifupi 20 zimene adagwira ntchito adasewera m'mafilimu oposa 60. Mu 2004 Mughal-e-Azam idakonzedwanso, niikidwa mitundu yonse, ndipo achinyamata amene adabadwa iye atamwalira kale adadzaza nyumba za kanema kukamuona. Mu 2008 boma la India lidatulutsa sitampa yokhala ndi nkhope yake.

Pali anthu amene amaderera mafilimu a ku India, namati ndi nyimbo, misozi ndi nthabwala chabe. Moyo wa Madhubala ukuonetsa kuti zinthu zimenezi zili ndi mtengo wake. Kuseketsa munthu wotopa amene walipira kandalama kake pakhomo la kanema ndi ntchito yofuna luso ndi mphamvu, monganso kumliza. Madhubala adadziwa umphawi, adadziwa kumvera kholo pamene mtima ukufuna kwina, adadziwanso kuti masiku ake ndi owerengeka. Zonsezi adazitengera pamaso pa kamera, ndipo n'chifukwa chake misozi ya Anarkali ndi kuseka kwa Renu zimamfikabe pamtima woonera wa lero, ngakhale amene sadziwa liwu limodzi la Chihindi.