Ted Powell, mphunzitsi amene tinampatsa nthawi

Madzulo aliwonse kuno ku Luwani anyamata amathamangitsana ndi chikulunga pafumbi, zigoli zake miyala iwiri. Luso alinalo ndithu, koma wowawongolera palibe. Ndikamawaonera ndimakumbukira bambo wina amene achikulire okonda mpira samuiwala, malemu Ted Powell.

Mkuluyu anabadwira ku England m'chaka cha 1940. Sanali katswiri wotchuka ayi. Ankasewera kumbuyo mu timu yaing'ono ya Sutton United, yomwe mu 1970 inathibulidwa ndi Leeds United zigoli 6 kwa duu mu chikho cha FA. Atapachika nsapato anayamba kuphunzitsa mpira, ndipo mu 1977 anasiya timu ya Wycombe Wanderers n'kubwera kuno kudzatenga timu ya dziko lathu.

Panthawiyo Malawi inali isanakhudzepo chikho cha East and Central Africa Senior Challenge Cup. Koma mu 1978, mpikisano utachitikira konkuno, anyamata a Powell anakutumula Zambia 3-2 m'ndime yomaliza. Okayika ankati amenewo ndi mphamvu za pakhomo chabe. Chaka chotsatira anapita ku Kenya n'kukagonjetsa eni bwalo, 3-2 yemweyo, chikho n'kubwerera kumudzi. Maina ngati Kinnah Phiri, Jack Chamangwana ndi goloboyi Boniface Maganga anali pakamwa pa aliyense, kuyambira mumsika mpaka kukalasi.

Powell anachoka mu 1983 atakhala zaka 6, ndipo mu 1984 Malawi inasewera koyamba mu mpikisano wa African Cup of Nations ku Ivory Coast. Amene anayala maziko mukumudziwa.

Kwawo nako anaonetsa kuti za kuno sizinali mwayi. Mu 1993 anatsogolera timu ya England ya anyamata osapitirira zaka 18 kutenga chikho cha ku Ulaya. M'gulumo munali Paul Scholes, Robbie Fowler, Gary Neville ndi Sol Campbell, omwe ambiri a inu munadzawadziwira pa kanema atakula kale. Powell anamwalira mu 2005.

Tsono abale anzanga, tisanamizane kuti chinsinsi chinali khungu lake. Chinsinsi chinali nthawi ndi kuphunzitsa. Munthu anapatsidwa zaka zoti awadziwe anyamata ake, alakwitse, akonze. Ife timu ikagonja kawiri basi, kochi achoke! Wobwerayo naye amayambira pansi, chikwama chili chomangamanga.

Inu a geni mukudziwa kuti okala siibweza mpamba mwezi woyamba. Inu ophunzira mukudziwa kuti kusintha aphunzitsi teremu iliyonse kumalepheretsa mayeso. Nanga mpira ungasiyane bwanji?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kinnah wina mwina ali konkuno ku Luwani, akumenya chikulunga wopanda nsapato. Chimene akusowa ndi mphunzitsi woti akhale naye zaka, osati sabata ziwiri.