Duane Allman

Howard Duane Allman (20 Novembala 1946 – 29 Okutobala 1971) anali woimba gitala wa ku United States amene anayambitsa ndi kutsogolera gulu la The Allman Brothers Band. Amadziwika ndi luso lotsetsereza botolo pa nsambo za gitala, komanso chifukwa chosonkhanitsa oimba okulira m'nyimbo zosiyana, monga blues, jazz, country ndi soul, n'kuwapanga gulu limodzi. Anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto ali ndi zaka 24, patangopita miyezi yochepa chitulukire chimbale chimene chinatchukitsa gululo.

Ubwana

Allman anabadwira mumzinda wa Nashville, m'chigawo cha Tennessee. Bambo ake, Willis Allman, anali msilikali, ndipo anaphedwa ndi chigawenga mu Disembala 1949 kufupi ndi Norfolk ku Virginia. Mayi ake, Geraldine, anatsala ndi ana awiri: Duane ndi mng'ono wake Gregg, wobadwa mu 1947. Anyamatawa anaphunzira kwa kanthawi pa sukulu yogonera ya chisilikali ya Castle Heights, kenako banjali linasamukira ku Daytona Beach ku Florida chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Woyamba kugula gitala anali Gregg, ndi ndalama zimene ankapeza pogawa nyuzipepala. Duane anaphunzirira pa gitala yomweyo ndipo posakhalitsa anamuposa mwini wakeyo. Usiku abalewa ankatchera wailesi ya WLAC ya ku Nashville, imene inkaulutsa nyimbo za oimba akuda pa nthawi imene sukulu, malo odyera ndi malo ovinira kum'mwera kwa dzikolo anali olekanitsidwa potengera khungu. Anakopeka kwambiri ndi kaimbidwe ka B. B. King. Duane anasiya sukulu ya sekondale osaimaliza kuti aike mtima pa gitala.

Magulu oyamba ndi ntchito ya mu situdiyo

Abale awiriwa anaimba limodzi m'magulu a The Escorts ndi The Allman Joys. Mu 1967 anapita ku Los Angeles ndi gulu la Hour Glass, limene linatulutsa zimbale ziwiri ku kampani ya Liberty Records. Kampaniyo inkawasankhira nyimbo zoti zigulidwe msanga, pomwe iwo ankafuna kuimba blues. Zimbalezo sizinayende malonda ndipo gululo linatha mu 1968.

Cha m'nthawi yomweyi Duane anaphunzira kaimbidwe kotchedwa slide, atamva nyimbo ya "Statesboro Blues" pa chimbale cha Taj Mahal. M'kaimbidwe kameneka woimba amavala botolo kapena kachitsulo ku chala n'kumakatsetsereza pa nsambo, moti gitala imalira mokoka ngati mawu a munthu. Iye ankagwiritsa ntchito kabotolo kagalasi ka mankhwala a chimfine a Coricidin.

Chakumapeto kwa 1968 anayamba kugwira ntchito mu situdiyo ya FAME ya Rick Hall ku Muscle Shoals, m'chigawo cha Alabama, kuimbira gitala oimba ena. Ndiye analimbikitsa Wilson Pickett kujambula nyimbo ya The Beatles ya "Hey Jude", ndipo gitala yake ya kumapeto kwa nyimboyo inamutchukitsa pakati pa oimba anzake. Anaimbiranso Aretha Franklin ndi Boz Scaggs. Phil Walden, amene kale ankayendetsa ntchito za Otis Redding, anamutenga n'kumupatsa mwayi wodzisankhira oimba a gulu latsopano.

Oimba amene anawasonkhanitsa

Gululo linakhazikika mu Malichi 1969 mumzinda wa Jacksonville ku Florida. Linali ndi oimba asanu ndi mmodzi, ndipo mwa iwo awiri anali a gitala yotsogolera, awiri a ng'oma, zimene sizinali zofala m'magulu a rock.

Woyamba kulowa anali woimba ng'oma Jai Johanny Johanson, wodziwika kuti Jaimoe, wa ku Mississippi. Iye anali atayendapo ndi Otis Redding ndi Percy Sledge, koma mtima wake unali pa jazz. Ndiye anazoloweretsa anzake kumvera Miles Davis ndi John Coltrane. Woimba ng'oma wachiwiri, Butch Trucks wa ku Jacksonville, anaphunzira nyimbo ali pa sukulu, anaimbapo ng'oma m'magulu a nyimbo za classical, kenako analowa gulu la The 31st of February. Trucks ankasunga kugunda kwa nyimbo mwamphamvu, pomwe Jaimoe ankakometsera pamwamba pake.

Berry Oakley, wa gitala ya besi, anachokera ku Chicago, kuchimake kwa blues ya magitala amagetsi. Anayamba ndi gitala yotsogolera, n'chifukwa chake besi yake inkayenda ngati ikuimba nyimbo yakeyake. Iye anabwera ndi mnzake wa m'gulu la The Second Coming, Dickey Betts, amene anakulira ku Bradenton ku Florida m'banja lokonda bluegrass ndi country, ndipo ali mwana anaimbapo ukulele, mandolin ndi banjo. Betts ndi Duane ankaimba magitala awo mogwirizana ngati anthu awiri a m'kwaya, wina mawu apamwamba wina apansi. Womaliza kufika anali Gregg, amene anaitanidwa kuchokera ku Los Angeles kuti akhale woimba pakamwa, wopeka nyimbo komanso woliza limba la Hammond.

Gululo linasamukira ku Macon ku Georgia, kumene Walden ankakhazikitsa kampani ya Capricorn Records. Panali patangopita zaka zisanu chikhazikitsire lamulo la 1964 loletsa tsankho m'malo a anthu onse, ndipo azungu asanu a tsitsi lalitali oyenda ndi kugona nyumba imodzi ndi mnzawo wakuda ankakumana ndi chipongwe m'maulendo awo kum'mwera. Duane sanalole kusiya Jaimoe chifukwa cha zimenezi.

Zimbale

Zimbale ziwiri zoyamba, The Allman Brothers Band cha 1969 ndi Idlewild South cha 1970, sizinagulidwe kwambiri. Mbiri ya gululo inakula chifukwa choimba pamaso pa anthu, kuphatikiza zoimba zaulere m'paki ya Piedmont ku Atlanta. Mu 1970 Eric Clapton anaitana Duane ku situdiyo ya Criteria ku Miami, kumene anaimba gitala pa chimbale cha Layla and Other Assorted Love Songs cha gulu la Derek and the Dominos. Clapton ankafuna kuti alowe m'gululo, koma iye anabwerera kwa anzake.

Mu Malichi 1971 gululo linajambulidwa likuimba mu holo ya Fillmore East ku New York, moyang'aniridwa ndi Tom Dowd. Chimbale cha At Fillmore East chinatuluka mu Julayi chaka chomwecho. Pa chimbalechi kusiyana kwa oimbawo kumamveka bwino: muli nyimbo zakale za blues, nyimbo ya Betts yopanda mawu ya "In Memory of Elizabeth Reed" yotsamira ku jazz, ndi "Whipping Post" ya Gregg yopitirira mphindi 20.

Imfa ndi kukumbukiridwa

Kutchukaku kunabwera limodzi ndi vuto la mankhwala ozunguza bongo, ndipo mu Okutobala 1971 Duane ndi ena a m'gululo anakagonekedwa m'chipatala kuti asiye heroin. Pa 29 mwezi womwewo, akuyendetsa njinga yamoto ya Harley-Davidson mumzinda wa Macon, anachita ngozi pamphambano pamene lole inkakhota, ndipo anamwalira m'chipatala patapita maola ochepa. Nyimbo zake zomaliza zinatuluka pa chimbale cha Eat a Peach mu 1972.

Pa 11 Novembala 1972 Oakley nayenso anamwalira njinga yake yamoto itawombana ndi basi, chapafupi ndi pamene panachitikira ngozi ya Duane. Nayenso anali ndi zaka 24. Awiriwa anaikidwa moyandikana kumanda a Rose Hill ku Macon.

Gululo linapitiriza kuimba, likumatha ndi kuyambiranso, mpaka 2014. Linalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame mu 1995, ndipo mu 2003 magazini ya Rolling Stone inaika Duane Allman pa nambala 2 pa mndandanda wa oimba gitala 100 opambana, pambuyo pa Jimi Hendrix.