Béla Guttmann: anamanga Coluna ndi Eusébio pa goli limodzi

Kuno ku Angónia tonse tikudziwa kuti ng'ombe yatsopano siikoka ngolo yokha. Timaimanga pa goli limodzi ndi ng'ombe yakale yodziwa njira. Zikakhala zakale zokhazokha, ulendo umacedwa. Zikakhala zatsopano zokhazokha, ngolo imagwera m'dzenje. Pa mpira napo ndi cimodzimodzi. Mphunzitsi wina amene ankadziwa kumanga goli lotere anali Béla Guttmann.

Guttmann anabadwa mu 1899 mumzinda wa Budapest, ku Hungria. Anali Myuda. Makolo ake ankaphunzitsa anthu kuvina, ndipo iyenso anaphunzira nchito imeneyo asanayambe mpira. Anasewera ku Budapest, ku Viena, kenako ku New York. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, a Nazi ankasaka Ayuda kuti awaphe. Guttmann anabisala kudenga la nyumba ina kwa miyezi yambiri. Pambuyo pake anamutengera kumsasa wa cibalo, koma anathawa. Bambo ake ndi mlongo wake anaphedwa ku Auschwitz.

Nkhondo itatha, anapitiriza nchito yophunzitsa matimu. Anali munthu wosakhazikika, komanso wa pakamwa. Ankakangana ndi mabwana pa nkhani ya ndalama, n'kumanga katundu n'kumapita. Iye ankakhulupirira kuti mphunzitsi akafika caka cacitatu pa timu imodzi, zinthu zimayamba kuola.

Mu 1957 anali ku Brasil, ku timu ya São Paulo. Kumeneko anatenga Zizinho, wosewera wochuka wa zaka pafupifupi 35. Pa mpira, zaka zimenezo ndi ukalamba ndithu. Koma Zizinho ndiye ankagawira anyamata mpira, ndipo caka comweco timuyo inatenga cikho ca m'cigawo cawo.

Mu 1959 anapambana ligi ya Portugal ndi timu ya Porto. Asanapume n'komwe, anawolokera kwa adani ao, Benfica ya ku Lisboa. Apa anacita zosiyana ndi za ku Brasil. Anacotsa osewera akale pafupifupi 20 n'kupereka malo kwa anyamata. Anthu ambiri akamasimba za Guttmann amathera pomwepa, ngati kuti nzeru yake inali kuthamangitsa akale basi. Ine ndimaona kuti nzeru yake inali mwa amene anawasiya. Anasiya goloboyi Costa Pereira, wobadwira ku Nacala. Anasiya kaputeni José Águas, wobadwira ku Angola. Anasiyanso Mário Coluna, mwana wa ku Moçambique konkuno, amene anali ku Benfica kuyambira mu 1954.

Mu Dezembro 1960 kunafika mnyamata wa zaka 18 wocokera ku Mafalala, ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo. Dzina lake Eusébio. Timu ya Sporting nayo inkamufuna, motero a Benfica anakamubisa kaye ku Algarve. Mkangano wa mapepala unatenga miyezi.

Tangoganizani mwana wa msinkhu umenewo, kutali ndi kwao, nyengo yozizira, ndalama zayamba kulowa m'thumba. Mai ake analembera Coluna kalata yopempha kuti awasamalire mwanayo. Coluna anavomera. Ankamulangiza ngati mng'ono wake, ankayang'aniranso ndalama zake kuti zisamwazike. Eusébio ankamupatsa ulemu ngati bambo. Zimenezi mphunzitsi sakanazicita yekha. Zinatheka cifukwa m'timu munali wamkulu wocokera kwao komweko.

Mu Maio 1961 Benfica inagonjetsa Barcelona 3 kwa 2 mumzinda wa Bern, n'kutenga cikho ca matimu a ku Ulaya. Eusébio sanasewere. Cigoli cacitatu anamwetsa Coluna.

Caka cotsatira, pa 2 Maio 1962, ku Amsterdam, anakumana ndi Real Madrid, timu imene inali itatenga cikho cimeneci kasanu motsatizana. Akatswiri ake awiri, Di Stéfano ndi Puskás, anali ndi zaka 35 aliyense. Mbali ya Benfica, Coluna anali ndi zaka 26, Eusébio 20, ndipo António Simões 18 zokha. Cigawo coyamba cinali ca akuluakulu. Puskás yekha anamwetsa zigoli zitatu, ndipo popita kukapuma Madrid inkatsogola 3 kwa 2. Guttmann anadziwa kuti miyendo ya adani ao itopa msanga. Atabwerera, Coluna anaombera mpira ali patali, zigoli n'kufanana. Kenako Eusébio anagwetsedwa m'bokosi. Asanamenye penate, anapempha kaye cilolezo kwa Coluna. Anamwetsa. Patangopita mphindi zocepa, Coluna anamukankhira mpira, iye n'kumwetsanso. Masewera anatha 5 kwa 3.

Atatenga zikho ziwirizi, Guttmann anapempha kuti amuonjezere malipiro. Mabwana a Benfica anakana, ndipo iye anacoka n'kupita ku Peñarol, ku Uruguay. Okonda mpira amasimba kuti pocoka anatemberera timuyo kuti isadzatengenso cikho ca ku Ulaya kwa zaka 100. Mu 1965 anabwerera ku Benfica, koma anangokhalako caka cimodzi, osatenga kanthu.

Anamwalira pa 28 Agosto 1981 ku Viena, ali ndi zaka 82, ndipo anaikidwa kumanda a Ayuda mumzinda womwewo. Mu 1990 Benfica inafikanso kumasewera omaliza a cikho cija, ndipo anali ocitikira ku Viena komweko. Eusébio, amene tsopano anali bambo wa zaka 48, anapita kumanda a mphunzitsi wake kukapempha kuti awamasule. Benfica inagonja 1 kwa 0 kwa Milan.