MALEMU LAWRENCE KATILUNGU, AMENE ANATSEGULA MAKUTU A ENI MIGODI

Mlendo akafika mumzinda wa Kitwe nafunsa kumene kuli likulu la bungwe la anchito a m'migodi, amamulozera nyumba yochedwa Katilungu House. Ambiri amalowa ndi kutuluka m'nyumbayo osadziwa kuti mwini dzinalo anali ndani.

A Lawrence Chola Katilungu anabadwa m'mwezi wa Febuluwale 1914 kumpoto kwa dziko lino, m'banja la mafumu a Cibemba. Poyamba anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni, koma m'caka ca 1936 anapita kukalembedwa nchito pa mgodi wa Nkana, natsikira pansi pamodzi ndi anzao. Kumeneko anakumana ndi Alozi, Abisa, Angoni, Ansenga ndi Acewa, ena a iwo makolo a anthu a ku Chipata, Katete ndi Petauke, amene anasiya makasu kukafuna ndalama ya msonkho.

Masiku amenewo munthu wakuda analibe pakamwa pa nchito. Mzungu ndi iye anali kugwira m'dzenje limodzi, koma malipiro anali kutali ngati kumwamba ndi pansi, ndipo ngakhale pogona panali posiyana: Azungu m'madera aoao onga Northrise mu Ndola, anthu akuda m'makomboni onga Wusakile mu Kitwe. Wanchito akatukwanidwa kapena kumenyedwa ndi kapitao, dandaulo lake linali kupita kwa akulu a mitundu, amene eni migodi anawakhazika kuyambira 1931 pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya. Akuluwo anali odziwa kuweruza milandu ya m'banja ndi kulandira alendo ocokera kumudzi, koma za malipiro ndi za nkhanza za pansi pa mgodi mau ao sanali kufika patali. Bwana anali kumva cokhaco cimene anafuna kumva.

Zotsatira zake zinaoneka kawiri. M'caka ca 1935 anchito ananyanyala, ndipo 6 anaomberedwa ndi kufa ku Luanshya. Mu 1940 ananyanyalanso, asilikali naombera khamu pa Nkana, ndipo anthu 17 anataya miyoyo. Pa nthawi zonse ziwirizi mabwana anadzidzimuka, pakuti panalibe njira yoona yowauzira kuti m'komboni moto wayamba kufuka. A Katilungu anali pa Nkana m'caka ca 1940. Pambuyo pake anacoka, nacita malonda a nsomba kwa zaka zingapo, kenaka nabwerera ku mgodi womwewo mu 1947.

M'caka comweco boma la Britain linatumiza a William Comrie kudzathandiza anthu akuda kuyambitsa mabungwe a anchito. Mu 1948 anchito a pa Nkana anasankha a Katilungu kukhala mtsogoleri wao, ndipo m'Malichi 1949 mabungwe a m'migodi yonse anaphatikizana kukhala limodzi, African Mineworkers' Union, iwo ali pampando, a Simon Kaluwa ali mlembi wamkulu. Makampani awiri a migodi, Anglo American ndi Rhodesian Selection Trust, analivomereza bungwelo caka comweco.

Apa ndipo panaoneka luso lao. Sanali munthu wopupuluma. Dandaulo la wanchito mmodzi linali kuyamba ku nthambi ya pa mgodi wake, kukwera mpaka kufika pa tebulo pamaso pa mabwana, lili ndi umboni wake. Mu 1952 bungwe linapempha kuti malipiro akwere. Makampani atakana, anchito a m'migodi ikuluikulu anakhala pansi milungu itatu, mwabata, popanda kukhetsa mwazi. Kwa amene anali kukumbukira maliro a 1940, ici cinali cozizwitsa. Mlandu unaperekedwa kwa mkhalapakati, a C. W. Guillebaud, amene kuciyambi kwa 1953 analamula kuti malipiro akwezedwe. M'caka comweco anchito anaponya voti, ndipo pafupifupi onse ovota anati akulu a mitundu aleke kuwaimira. Kucokera pamenepo Mbemba ndi Mngoni anali kulankhula kwa bwana ndi pakamwa pamodzi, monga anchito.

Koma mtsogoleri amene anaphunzitsa mabwana kumva anayamba kusiyana maganizo ndi anthu ake omwe. Iwo anali kukhulupirira kuti bungwe la anchito lisamangidwe m'thumba la cipani ca ndale. Mu Epulo 1953, pamene African National Congress ya a Harry Nkumbula inaitanitsa masiku awiri a mapemphero potsutsa citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, anchito a m'migodi ambiri anapita ku nchito, ndipo mlandu unagwera a Katilungu. Sitalaka ya 1955 inatha masiku 58 koma phindu lake linali locepa. Mu 1956 kunabuka mkangano wina, pakuti makampani anavomereza bungwe lapadera la makalaliki ndi akapitao akuda, Mines African Staff Association, limene linali kung'amba anchito pawiri. Boma linalengeza lamulo la nthawi ya ngozi m'Sepitembala, nimanga atsogoleri ambiri, pakati pao mlembi wamkulu a Matthew Nkoloma. A Katilungu sanamangidwe, ndipo manong'onong'o anakula m'makomboni.

Kunena zoona, pa nkhani ya ufulu wa bungwe iwo anali ndi mfundo yomveka. Colakwa cao cinali kusawerengera kukula kwa ludzu la ufulu wa dziko lonse. Mu 1960 anakhala m'gulu la Monckton Commission lofufuza za tsogolo la citaganya, gulu limene omenyera ufulu analikana. Anchito anaona ngati mtsogoleri wao wawatsekera makutu, ndipo kumapeto kwa caka cimeneco anawacotsa pampando. M'malo mwao munalowa a John Chisata.

Mu 1961 a Katilungu anagwirizira utsogoleri wa African National Congress pamene a Nkumbula anali m'ndende. Pa 9 Novembala caka comweco anafa pa ngozi ya galimoto, ali ndi zaka 47, kutatsala zaka zitatu kuti mbendera ya Zambia ikwezedwe.