William Koyi, bambo wa theka la talente

Anzanga, amene munafikako ku Mzuzu mwina munaonapo chikwangwani cha William Koyi Guest House, nyumba ya alendo ya Sinodi ya Livingstonia. Ine ndinkangoti Koyiyo anali m'busa wina wake wa ku Mzimba. Ayi ndithu. Ubusa sanadzozedwe, ndipo ngakhale Mmalawi sanali. Mwezi uno pa tsamba lathu la mbiri ndasankha iwowa, makamaka chifukwa cha ife amene tinalemba Fomu 4 n'kungokhala pakhomo, tikumaganiza kuti mwina Mulungu amagwiritsa ntchito okhawo a mapointi abwino.

A Koyi anabadwa mu 1846 ku Eastern Cape, m'dziko la South Africa, ndipo anali Mxhosa. Ali mwana sanaponde m'kalasi. Anakula akugwira ntchito za ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, kenako anakalowa ntchito yochapa ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, n'kudzapeza ina ya m'sitolo ku Port Elizabeth. Kuwerenga anaphunzira ali wamkulu kale. Tsiku lina anatola kapepala kothothoka m'buku, ndipo atayesa kukawerenga anapeza kuti ndi mbali ya Yohane chaputala 3, paja pali nkhani ya Nikodemo. Kapepala kameneka sikanawapatse mtendere mpaka anabatizidwa mu mpingo wa Methodist mu 1869.

Mu 1871 anauyamba wapansi, makilomita oposa 200, kupita ku sukulu ya mishoni ya Lovedale. Tangoganizani, bambo wa zaka 25 kukakhala pa benchi limodzi ndi tiana. M'kalasi zinkangoyenda mwapakatikati, sanali wa nambala wani. Koma akuluakulu a sukulu anaona kuti munthuyu ukamutuma chinthu amachita, kaya pali womuona kaya palibe, ndiye anawapatsa udindo wothandiza kuyang'anira anyamata pa ntchito zamanja.

Nthawi imeneyo kuno kwathu mishoni ya Livingstonia inali itangoyamba kumene ku Cape Maclear, mu 1875, ndipo inkasowa anthu. Mu 1876 mkulu wa Lovedale, Dr James Stewart, anafunsa ngati pali ophunzira ofuna kupita ku nyanja. Anaimirira angapo, ena ophunzira bwino zedi. A Koyi ataimirira sanadzikometse. Anavomera poyera kuti maphunziro awo ndi ochepa, ndipo potengera fanizo lija la pa Mateyu 25 anati iwo alibe ngakhale talente imodzi yathunthu, ali ndi theka chabe, koma akhoza kupita kukatema nkhuni ndi kutunga madzi. Anasankhidwa anayi: iwowo, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili.

Apa mpamene nkhaniyi imandigwira mtima. Wauchope anadwalira m'njira n'kubwezedwa kwawo. Mngunana, mphunzitsi amene aliyense ankamudalira, anamwalira ku Cape Maclear mu 1877. Ntintili, mmisiri wa matabwa, anagwira ntchito zaka zochepa n'kubwerera. Amene anakhalitsa ndi wa theka uja.

Ntchito yawo poyamba inali yomwe analonjeza: kunyamula katundu, kumanga nyumba, kuyang'anira antchito, kutsogolera mapemphero. Anathandizakonso ku mishoni ya Blantyre itangoyamba. Koma panali chinthu china chimene sanachiwerengere pa matalente awo, chifukwa sanachiphunzire kusukulu. Chixhosa chimene anayamwira chimafanana kwambiri ndi Chingoni, poti Angoni anachokera komweko kummwera, n'kuwoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba. Masiku amenewo Angoni a kumpoto ankathira nkhondo Atonga a m'mphepete mwa nyanja, ndipo Dr Robert Laws ankadziwa kuti popanda kumvana ndi Inkosi M'mbelwa mishoni singakhazikike. Azungu onse aja ndi madigiri awo, panalibe wotha kulankhula ndi mfumu. A Koyi ankatha. Ankadziwanso mwambo wake, polowera pa bwalo, pokhala, ndi nthawi yoti munthu atseke pakamwa.

Dr Walter Elmslie, amene anagwira nawo ntchito, analemba za tsiku lina pamene a Koyi anakumana ndi gulu la ankhondo ali ndi zishango ndi mikondo, magazi atawira kale. Kuthawa sanathawe, mfuti sanagwire. Anangokhala pansi m'mbali mwa kamtsinje n'kuyamba kusamba mapazi ngati palibe chikuchitika. Ankhondo aja anasowa chochita ndi munthu wotere, mapeto ake nawonso anakhala pansi, n'kuyamba kucheza. Ine zoti ndikanatha sindikukhulupirira, ndikanaliyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Mu 1880 anapita kwawo kukapuma ndipo anakwatira. Akanatha kukhala konko, palibe akanawanena. Koma anabwerera, ndipo mu 1882 anakakhazikika ku Njuyu, m'boma la Mzimba, pafupi ndi mudzi wa Hoho wa banja la a Chipatula Nhlane. Kwa kanthawi ndithu analiko okha, popanda mnzawo wa mishoni.

Zaka za ku Njuyu zilibe zozizwitsa zoti tiziimbira m'manja. M'mbelwa ndi nduna zake anakana sukulu, poopa kuti ana akaphunzira adzaleka nkhondo ndi kumvera makolo. Ndiye tsiku ndi tsiku a Koyi ankachita chiyani? Ankalima, kumanga, kukhala pa khola ndi madoda n'kumamva milandu, kudya zomwe eni mudzi akudya, kuyendera odwala. Lamulungu ankalalikira kwa amene abwera. Anyamata ochepa, monga ana a Tembo, ankabwera usiku mozemba kudzaphunzira kuwerenga. Zinthu zikavuta pakati pa Angoni ndi mishoni ya ku Bandawe, woyamba kuopsezedwa anali iwowo poti ndi amene anali pafupi, ndipo woyenda mtunda kukazimitsa moto analinso iwowo. Angoni anawapatsa dzina loti Mtusane, limene ena amalimasulira kuti mkhalapakati. Dzina lotere sapatsa mlendo chifukwa cha ulaliki umodzi wokoma, eti? Anali atawaona m'mawa, masana ndi usiku kwa zaka.

Ifetu timakonda Chikhristu cha pa msonkhano, cha maikolofoni ndi zithunzi za pa Facebook, ndipo ine ndemwe ndili momwemo. Koma ndikawerenga za a Koyi ndimadzifunsa kuti kodi akanati alembe lipoti la zaka zinayi za ku Njuyu, akanalembamo chiyani? Obatizidwa: palibe. Sukulu: palibe. Ena a ife gulu likangochepa pa mapemphero a Lachitatu milungu iwiri, basi tagwa ulesi, tayamba kufunsa ngati n'kofunika kupitiriza.

Kumayambiriro kwa 1886 kunali chilala. Angoni atayesa njira zawo anapempha a mishoni kuti apemphere, ndipo mvula inagwa. Patapita miyezi ingapo M'mbelwa analola kuti sukulu zitsegulidwe. Uthengawu unawapeza a Koyi ali gone pa mphasa, chifuwa chitawamaliza, moti sakanathanso kuima kutsogolo kwa kalasi. Akuti anasangalala kwambiri ndi kuyamika Mulungu. Anamwalira pa 4 June 1886 ali ndi zaka pafupifupi 40, ndipo anaikidwa konko ku Njuyu.

Angoni oyamba kubatizidwa, Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, anabatizidwa mu 1890, patatha zaka zinayi a Koyi ali m'manda. Anali ena mwa anyamata aja ankabwera usiku.